Masiku Ogona Kosiyana

Ntchito yanga pachipatala china muno mu Glasgow ndi kuyeza radiyeshoni imene yalowa m'thupi la wodwala, n'kuwerengera masiku amene ingatenge kuti izilale.

Chaka china m'nyengo yozizira tinagoneka bambo wina wachikulire wa ku Springburn, dera la mumzinda womwewu, woyendetsa basi, amene anawachotsa chithokomiro chifukwa cha khansa. Anameza kapisozi wa ayodini wa radiyeshoni woti akaphe zotsalira, ndipo tinawaika m'chipinda chaokha. Nditaona dzina lakwathu pafayilo, ndinaima pakhomo n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji, bambo?"

Anadzambatuka. "Ha! Mwanangu, ndiwe wakumudzi?"

Anatambasula dzanja, ine osalilandira chifukwa cha radiyeshoni ija. Zinandiwawa kukana moni wa munthu wamkulu. Ndinangowomba m'manja n'kupinda maondo, iwo n'kuseka.

M'mawa uliwonse ndinkaima pamzere wa tepi womatidwa pansi, n'kulozetsa makina anga kwa iwo. Akazi awo ankabwera masana, n'kukhala pampando wa pakhomo, osaloledwa kudumpha mzerewo. Tsiku lachiwiri anandikokera pambali.

"Ndiuze zoona, mwanangu. Poizoni ameneyu atuluka?"

"Akutuluka, mayi. Wina ndi mkodzo, wina akuzilala yekha. Azingomwa madzi ambiri."

Ndinawafotokozeranso kuti akakafika kunyumba azikagona zipinda zosiyana kwa masiku angapo. Anayamba kupotokola lamba wa chikwama.

"Chikwatiranireni sitinagonepo kosiyana, mpaka matendawa. Amaliza mkonono bambowa, koma popanda mkononowo ine tulo sindikutiona."

Masiku amene ndinawauzawo anali a papepala lopatsa aliyense. Ndinabwerera ku ofesi, ndinatenga miyezo ya bambowo, n'kuwerengera mosamala kawiri konse. Thupi lawo linkatulutsa ayodiniyo msanga. Ndinakaonetsa bwana wanga, mayi wa Chisikoti wosalankhulalankhula. Anawerengeranso yekha, kenako anavomera kuti tichotseko masiku.

Tsiku lotuluka ndinawauza onse awiri. Mayiwo anawerenga masiku otsalawo ndi zala.

"Nanga dzanja lokha, lero?"

"Kwa kanthawi, palibe vuto."

Anadumpha mzere uja mwamanyazi ngati mkwatibwi, n'kugwira dzanja la amuna awo.

"Manja kuzizira chonchi, mayi, magolovesi mwasiya kuti?" anatero bambowo.

Ndinazimitsa makina anga, ndinatuluka kukawaitanira takisi.