Kupita ndi Lekani kwa dokotala wa ziweto

Ndinanyamuka ku Wenya kusanache bwino, dala, kuti anthu asandione. Pamsana ndinali ndi dengu, ndipo m'dengumo munali Lekani, galu wanga wamkazi. Ndi wokalamba. Diso limodzi linafa, amatsokomola, ndipo pabere pake panamera chotupa cholimba ngati mango osapsa. Malemu mkazi wanga ndi amene anamulera. Kwathu kuno galu akadwala amapita yekha kutchire. Mwamuna wa imvi sabereka galu kupita naye kuboma.

Lole ya matola inafika dzuwa litatuluka, itadzaza matumba a nyemba. Kondakitala anasuzumira m'dengu, naona galu, nandiitana agogo m'Chitumbuka chathu.

"Asekulu, ntchewe iyi ikupita kukavota?"

Lole yonse inaseka. Anati galu alipire mtengo wa mbuzi. Ndinalipira osatsutsa kuti nkhani ithe msanga, koma sinathe. Bambo wina wa njinga anafunsa ngati mankhwala a anthu akwanira kale m'dziko muno kuti tsopano tiyambe agalu.

"Si wanga," ndinatero. "Ndi wa mwana wanga wa kutauni. Andituma."

Ndilibe mwana kutauni. Lekani anamva mawu anga, nagwedeza mchira.

Msewu ndi wafumbi ndi mabampu. Mapiri a Mafinga anali kumanzere, mitambo itakhala pamwamba pake. Bampu lililonse galu ankabuula. Pafupi nane panakhala mayi wina woonda, NyaKayira, atagwira chifuwa chake ndi dzanja limodzi. Iye yekha sanaseke.

Pa Chisenga tinaima kukweza matumba ena. Ndinagula tiyi ndi mandazi. Nditabwerera ndinapeza mayiyo akumwetsa galu madzi a m'botolo lake pachikhatho. Anali atavundukula chitenje chimene ndinafunditsa galuyo, akuyang'ana chotupacho.

"Chinayamba liti, adada?"

"Nthawi ya dzinja."

"Changa chinayamba kale kuposa apo." Analoza bere lake. "Akuti mwina anditumiza ku Mzuzu. Mukafunse adokotala ngati chimamuwawa akagona. Changa ndi pomwe chimaluma."

Ndinamupatsa mandazi onse.

Tinafika pa Chitipa Boma masana. NyaKayira anatsikira pachipatala yekha, wopanda womudikirira, kathumba m'manja. Ine ndinakwera njinga yamoto, dengu pamiyendo, ngati ndanyamula mfumu. Ana asukulu anatiloza.

Dokotala wa ziweto anali mtsikana wa ku Mulanje. Anandipatsa moni wa Chitumbuka chopindika, kenako anabwerera ku Chichewa chake. Anapapasa chotupa, anamvetsera mtima nthawi yaitali, anayang'ana m'kamwa.

"Bambo, ikuoneka kuti ndi khansa. Kudula n'kotheka, koma osati kuno. Mpaka ku Mzuzu. Vuto ndi mtima. Ndi wofooka, ndiye chifuwa chija. Tikamugoneka ndi mankhwala, mwina sadzuka. Akadzuka, chotupa chikhoza kumeranso."

"Njira ina?"

"Jakisoni lero lomwe, agone osadzukanso. Kapena mapilitsi oletsa ululu, apite kwawo. Sachira nawo."

"Chimamuwawa akagona?"

"Chimamuwawa. Mapilitsi achepetsa."

Ndinafunsa kumene amaika agalu a jakisoni. Anati kuli dzenje kuseri. Ndinaganiza za Mzuzu. Ndinadziona ndili m'basi imodzi ndi NyaKayira, iye akupita kukapempha moyo, ine ndi dengu langa. Ndinaganizanso za dzenje la kuseri, pakati pa alendo.

"Mukanakhala inu, mwana wanga, mukanatani?"

"Galu ndi wanu, bambo. Kapena si wanu?"

Sanadziwe zimene ndinanena pa lole. Ndinayang'ana pansi.

"Ndi wanga."

Ndinasankha mapilitsi. Tinagwirizana kuti tsiku limene Lekani adzakane chakudya, ndidzaitana mlangizi wa ziweto wa kwathu adzamubaye jakisoni pakhomo, pansi pa nkhokwe pamene amagona.

Pobwerera ndinaima pachipata cha chipatala. Ndinkafuna kuuza mayi uja yankho la funso lake. Mlonda anati galu salowa. Ndinalibe womusiyira. Ndinaima pamenepo mpaka lole inaliza hutala, ndipo sindinamuonenso.

Inali lole yomweyo, kondakitala yemweyo.

"Asekulu, bwana wa mwana wanu wachira?"

"Sachira. Ndipo ndi wanga. Ndinakunamiza m'mawa."

Anasuntha thumba la mchere kuti dengu likhale pofewa, ndipo sanalipiritse galu.

Tinafika ku Wenya dzuwa likupendeka, anthu ali panja. Sindinazembere njira ya kumunda. Ndinadutsa pakati pa mudzi, dengu pamsana, mutu wa galu uli kunja. Ena anaseka. Aseke.

Ndinapita kuboma ndikuopa kusekedwa chifukwa chobereka galu. Zimenezo zinatha panjira. Zimene sizikutha ndi zakuti ndinamukana iye akundigwedezera mchira, ndipo amene anamumwetsa madzi ndi mayi wodwala kuposa iye. M'mawa uno ndabisa piritsi m'kachidutswa ka usipa. Wadya.