Mpendadzuwa wa a Ottilia

"Ndi therere limenelo, bwana."

"Therere lobisala m'chimanga? Mayi, musatiyese ana."

Amene ankanamawo ndi a Ottilia, a m'mudzi wina ku Vubwi. Wapolisi sanaseke. Tsiku limenelo anazula chamba chonse chimene amuna awo, a Zakeyo, anadzala m'mizere ya chimanga, n'kuchitentha. Chimanga nacho chinathyokera momwemo. A Zakeyo anapita kundende, ndipo akadali komweko.

Inu ofuna mawu olimbikitsa, dziwani kaye chimene chinapsa pamoto uja: sukulu ya Sylvia, mwana wawo, ku Katete. Maphunziro ndi aulere, inde, koma sopo, nsapato ndi chakudya chakugonera sizinamve za lamulo limenelo. Sylvia anabwerera kumudzi.

Bungwe lina linagawa mbewu ya mpendadzuwa, ndipo inabereka bwino. Tsono tamasulirani ichi. Chamba cha chaka chonse chinkakwana panjinga, wogula n'kuchilondola yekha pakhomo. Mpendadzuwa wa mtengo womwewo umafuna lole. Lole imafuna msewu, ndipo msewu unapita ndi mvula. Mavenda amene anafikako ankatchula mtengo ngati akutukwana.

Wogula chamba wakale, Kumbukani, anatulukira ndi njere zachamba m'kapepala ka shuga.

"Alamu, dzalani pang'ono kuseri kwa chulu. Apolisi sabwera kawiri, petulo wadula."

"Akabwera, Sylvia mumulera ndinu?"

"Nanga panopa mukumulera ndi chiyani? Maluwa?"

A Ottilia anam'bweza ndi njere zakezo, koma mawu aja anawaluma. Achibale anali atayamba kale kunong'ona za mwamuna woti akwatire mtsikanayo.

Ali m'munda, anazindikira kuti chimene chinkadyetsa banja sichinali utsi wa chamba. Kunali kupepuka kwake. Ngati msewu wakana katundu wolemera, katunduyo ndiye aonde.

Anagulitsa mbuzi zonse n'kugula makina akale oyengera mafuta pamanja kwa munthu wa ku Sinda. Mafuta oyamba anatuluka akuda, ochepa, ndipo amayi anzawo ankati ndi odzola mbuzi zinagulitsidwa zija. Anadziphunzitsa kuyanika njere padzuwa kuti zilowe m'makina zili zotentha, ndi kusefa pansalu kawiri. Matuza anaphulika m'manja, ena n'kumera pomwepo. Mwezi wina banja linagonera mbatata zokha.

Koma matumba aja anasanduka zigubu, ndipo zigubu zimakwera njinga. Mafuta ankawagulitsa pamsika wa Vubwi, zotsalira kwa oweta nkhumba. Chaka chotsatira Sylvia anabwerera kusukulu. Tsopano ali m'kalasi yomaliza.

Inunso, moto ukadutsa pamunda panu, musagwe mphwayi. Chimene chakana kunyamulika, chisintheni mpaka chinyamulike. Limbani mtima.

A bungwe lija anakondwera kwambiri. Anajambula a Ottilia ataima pamakina awo, kenako anagawa makina otero kwa mabanja ambiri a m'deralo. Sylvia atabwera kutchuthi, teremu imodzi itatsala kuti alembe mayeso, anapeza mabotolo a mafuta atandandalika pakhonde lililonse, kuchokera kumjigo mpaka kutchalitchi. Anapeza amayi ake akusefa, azimayi ena awiri atakhala pamphasa kuonerera. Anatula chikwama pansi.

"Amama, mudzi wonse ukuyenga. Agule ndani?"