Mkono wa Apongozi Anga

Nditakwatiwa tinalibe nyumba yathuyathu, choncho mwamuna wanga ananditengera kwa bambo ake ku Chelstone. Apongozi aakazi anali atamwalira kale. Mwamuna wanga amayendetsa thiraki ya kampani ina ya ku Heavy Industrial Area, ndipo akanyamuka ulendo wa ku Dar es Salaam amatha milungu itatu osaoneka. Masiku ambiri pakhomo tinkatsala ine, apongozi aamuna, ndi mwana wathu wamkazi amene anabadwa chaka chachiwiri.

Ukwati usanachitike, alangizi anandiuza kuti apongozi aamuna ndi moto wowothera patali. Sukhala nawo pampando umodzi, sudya nawo mbale imodzi, suwayang'ana m'maso, ndipo koposa zonse suwakhudza. Ukafuna kuwapatsa kapu ya tiyi umaika patebulo, iwo n'kutenga okha. Atsikana ena amadandaula ndi malamulowa, koma ine anandikomera. Ndine wamanyazi chibadwire, sukulu ndinalekera giredi sikisi, pamene iwo anali mphunzitsi wa jogalafe wopuma ntchito, wa mabuku mpaka pamwamba pa firiji. Ndikanacheza nawo zotani? Ndinkagwada pakhomo la pabalaza, n'kunena kuti chakudya chapsa, n'kubwerera kukhitchini. Iwo ankanditchula kuti amake mwana, ine ndinkawatchula kuti atate. Akakhala ndi nkhani yaitali ankauza mwana, ine ndikumva ndili pakhomo.

Nkhani ya ulendo ndinaimva chomwecho. Mlamu wanga, mlongo wake wa mwamuna wanga, ndi nesi kunja kwa dziko. Chaka chimene atate anakwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri, iye anaimba foni kuti wawakonzera ulendo woti apite awiri, iye ndi bambo akewo: sabata imodzi pa sitima yapamadzi yozungulira zilumba za Galapagos, kenaka ku Peru kukaona mabwinja a anthu akale otchedwa Ainka. Atate atatsitsa foni anatulutsa mapu aakulu, nawayala pansi, nakhazika mwana pambali pawo.

"Uwauze amako," anatero, "kuti apa pali akamba oti iwe ukhoza kukwera pamsana. Pali abuluzi osambira m'nyanja, ndi mbalame za mapazi a buluu. Apa pamwamba pa phiri pali mzinda wa miyala yolumikizana popanda simenti. Ndaphunzitsa zimenezi moyo wanga wonse kuchokera pa kachithunzi kamodzi ka m'buku."

Mwana anali kalikiliki kufuna kudya ngodya ya mapu. Ine ndinali ndisanawamvepo atate akulankhula mofulumira chonchi.

Vuto linali bondo. Chaka chapitacho anachitidwa opaleshoni bondo lakumanzere, ndipo okonza ulendowo anafuna kalata ya dokotala yonena kuti mwini bondo akhoza kuyenda. Dokotala wawo wa ku Woodlands anakana kusaina. Anati abwerenso pakatha miyezi iwiri, adzaonetse zinthu ziwiri: kukwera masitepe ambiri osapumira panjira, ndi kutsikira pamalo ogwedezeka osagwa. Chachiwirichi mlamu anatifotokozera ndi kavidiyo. Sitima yaikulu sifika kumtunda. Tsiku lililonse anthu amatsikira m'kaboti ka labala kamene kamavina pamafunde, ndipo mnyamata wa m'botimo sakugwira zala ayi. Amakugwira mkono pansi pa chigongono, iwenso n'kugwira wake, kuti wina akatereka mnzake asamutaye.

Za masitepe sizinativute. Ku Chelstone nyumba zathu n'zapansi, koma pamsewu waukulu wopita kutauni pali mlatho wowolokera anthu. M'mawa uliwonse, ana asukulu akatha kudutsa, tinkakwera minibasi kupita kumeneko, iwo kutsogolo pafupi ndi dalaivala, ine kumbuyo ndi mwana kumsana. Pamlathopo ankagwira chitsulo cha m'mbali n'kumakwera, ine ndikutsatira masitepe atatu m'munsi mwawo, ndikuwerenga chamumtima. Tsiku loyamba anakwera kamodzi n'kukhala pansi. Mayi wina wogulitsa nthochi pansi pa mlathowo anafika potizolowera, moti akationa ankakuwa kuti ba shikulu, ndiye kuti agogo, abwera ku ntchito. Pofika sabata yachinayi atate ankakwera ndi kutsika kasanu, n'kugula nthochi ziwiri, imodzi n'kuiika pachitsulo kuti ine nditenge.

Boti tinapanga tokha. Mwamuna wanga atabwera anagoneka matayala awiri akale pansi pa khonde, n'kuikapo chitseko chakutha. Ukapondapo chinkapendama uku ndi uku. Iye anaimirira pachitsekopo, nagwira bambo ake mkono monga mwa kavidiyo kaja, ndipo atate anatsika bwino ndithu, ngakhale anamulemera kwambiri. Anachita zimenezi masiku awiri. Tsiku lachitatu mwamuna wanga anaitanidwa ku ntchito, ndipo pochoka anangoti tiona chochita.

Chochitacho ndinachiganiza ndine. Ndinazula mpini wa mopu, ndinaima pachitseko nditagwira mbali imodzi, atate nagwira inayo. Ndinadziona wanzeru: mwambo sunasweke, ntchito ikuyenda. Masiku awiri zinatheka. Tsiku lachitatu kunatentha, manja awo anali ndi thukuta. Ataponda chitseko chinapendama, mpini unawapulumuka, ndipo anagwera cham'mbali m'maluwa.

Ndinaima pomwepo, mpini uli m'manja. Miyendo inkafuna kuthamanga koma manja anakana. Ndinangoti pepani atate, pepani atate, ndikuwaona akukwawa mpaka pa mzati wa khonde, n'kudzikoka okha kuimirira. Chigongono chinali chitasupuka, magazi akutsikira kudzanja. Ndinabweretsa madzi ofunda ndi nsalu, n'kuika pampando. Anadzipukuta okha ndi dzanja limodzi.

Bondo silinavulale, koma mtima unawachoka. M'mawa mwake sanavale nsapato zopitira ku mlatho. Mapu anawapinda n'kuwabwezera pamwamba pa firiji. Masana ndikuchapa kuseri kwa nyumba ndinawamva pazenera akuuza mlamu pafoni kuti apeze mnzake wopita naye, iwo akalamba, sakufuna kukagwera m'nyanja pamaso pa alendo. Mlamu kenaka anaimbira ine. Anati okonza ulendo amulola kusintha dzina la wopita naye mpaka Lolemba, ndipo anandifunsa chimene chinachitika. Nditamuuza za mpini anati iye za miyambo anazisiya kalekale, ndingowagwira basi. Kunena n'kosavuta uli kutali. Ngakhale ine ndikanalimba mtima, atate sakanatambasula mkono wawo. Iwonso analeredwa momwemo.

Munthu mmodzi yekha akanatha kutimasula: azakhali a mwamuna wanga, mlongo wawo wamkulu wa atate, amene amakhala kumafulati a ku Kabwata. Ndinkawaopa kuposa munthu aliyense. Pa ukwati wanga ndi iwo amene anabweza ndiwo zanga kuti mchere wachepa. Komabe Lachinayi ndinabereka mwana kumsana, ndinakwera minibasi ya kutauni, n'kukweranso ina ya ku Kabwata. Njira yonse ndinkabwereza mawu oti ndikanene, ndipo nditafika ndinawaiwala onse.

Ndinawapeza akusankha nyemba pakhonde. Ndinagwada, ndinapereka moni, n'kufotokoza zonse maso ali pa nyemba: dokotala, boti, mpini, maluwa. Pa mpini anandiimitsa kuti ndibwereze. Nditabwereza anaseka mpaka nyemba zina zinatayika.

"Mphunzitsi wathunthu, kumukoka ndi mopu ngati mbuzi yagwera m'chitsime," anatero. "Nanga ukufuna chiyani kwa ine?"

"Ndabwera kupempha kuti mutimasule, azakhali."

Kuseka kunatha. Anandiuza kuti zimenezo sapempha mkamwana. Akulu ndiwo amaona okha kuti nthawi yakwana, ndipo kwathu amadikira ana atatu kapena anayi. Iwo eni anadya ndi apongozi awo imvi zitayamba kale. Anafunsa ngati ndi mlamu wanga wa kunja uja wandituma.

"Sananditume munthu," ndinatero. "Anagwa ine ndili pomwepo, manja ndili nawo, osawadzutsa. Za ulendo zikhoza kulephereka, koma tsiku lina adzagwera kubafa mwana wawo ali ku Dar es Salaam. Ndidzaimanso ndi mpini?"

Mawu amenewa sindinawakonze panjira. Anangotuluka, ndipo nditawamva ndinachita mantha. Azakhali anandipatsa lichero kuti nditsirize nyemba, iwo akasambe. Pobwera anandiuza kuti mawa ndigule nkhuku yachikuda, osati ya m'firiji, ndipo mchere ndisaumire.

Anafika Lachisanu cha m'ma teni, ali ndi kathumba m'khwapa. Analowa kwa mlongo wawo n'kutseka chitseko, koma azakhali salankhula motsitsa. Ndili kukhitchini ndinamva akuwanena atate kuti kuyambira ali mwana ankathawa damu la ng'ombe, lero akufuna kuthawa nyanja n'kunamizira ukalamba. Atate anayankha kuti munthu amene sanapitepo kupyola Kafue asawaphunzitse za nyanja. Anakangana choncho mpaka nkhuku inapsa.

Atandiitana ndinagwada pakhomo monga mwa masiku onse. Azakhali anati ndilowe, ndikhale pampando. Patebulo panali mbale yovundikira. Atate anaitenga ndi manja awiri, ndipo m'malo moika pansi anaigwirabe mpaka ine ndinailandira. M'katimo munali chitenje chatsopano, chimene azakhali anabwera nacho m'kathumba kaja.

"Amake mwana," anatero atate, "mwandisunga bwino m'nyumba muno. Kuyambira lero ndinu mwana wanga wobereka. Musandithawenso."

Azakhali anapemphera mwachidule, kenaka tinasamba m'manja n'kudya nkhuku ija m'mbale imodzi, atatu. Ine ndinangotenga kaphiko. Atate nawo ankangoyang'ana khoma. Azakhali okha ndiwo anadya mokhuta, nanena kuti mchere tsopano wachuluka.

Titatha anatitulutsa panja. Ndinakwera pachitseko chija, ndinatambasula miyendo monga ankachitira mwamuna wanga, n'kupereka mkono. Atate anaima pakhonde akuuyang'ana. Kenaka anaugwira pansi pa chigongono, inenso ndinagwira wawo. Ndinadabwa kuti unali wowonda chonchi, fupa lokhalokha m'kati mwa shati, munthu amene ndinkamuona ngati phiri. Ataponda, chitseko chinapendama ngati tsiku lija, thupi lawo lonse linabwera pa ine, ndipo ndinalimba. Ine ndinakula ndikusenza zidebe za madzi. Atate ndi opepuka kuposa chidebe chachikulu.

Tinabwereza kakhumi tsiku limenelo, azakhali akugwedeza chitseko ndi phazi kuti akhale mafunde. Madzulo atate anaimbira mlamu kuti dzina alisiye momwe lilili.

Milungu itatu yotsalayo tinkapita ku mlatho m'mawa, boti masana. Ndinaphunzira kuti akamatsika ndisawakoke, ndingokhala ngati mzati, iwo abwere okha. Ndinaphunziranso kuwauza zoona. Akayamba ndi mwendo wodwala ndinkati ayi atate, bwererani, yambani ndi wamanja, ndipo ankabwerera osatsutsa. Tsiku la dokotala ndinapita nawo ku Woodlands. Dokotala anawakweza masitepe a chipatalacho kawiri, kenaka anawaimika pa kabenchi n'kuwauza kuti atsikire pa pilo. Anapereka dzanja lake, zala zili patsogolo. Atate anamuuza kuti kumeneko sagwirana choncho, namukonza kagwiridwe, natsika. Dokotala anafunsa amene wakhala akuwaphunzitsa, ndipo atate analoza ine. Ndinayang'ana pansi. Kalata inasainidwa.

Ulendowo unatenga pafupifupi milungu itatu. Mlamu ankatumiza zithunzi akapeza netiweki. Ndinaona atate atavala chipewa, atagwada pafupi ndi kamba wamkulu ngati beseni losambira. Masiku awiri oyamba pasitima anasanza, osadya kanthu koma mabisiketi. Ku Peru mpweya unawachepera chifukwa cha kutalika kwa mapiri, moti ku Machu Picchu, mzinda wa miyala uja, sanafike pamwamba penipeni pamene anzawo anafika. Anakwera mpaka pamalo oonekera mzinda wonse, nakhala pamwala, nauza mlamu kuti apitirire yekha, iwo afika. Pachithunzi cha pamenepo sakumwetulira. Akungoyang'ana, chipewa chili pabondo.

Kavidiyo kamene ndimakonda ndi ka tsiku lachitatu kuzilumba. Azakhali anabwera ku Chelstone kudzakaonera pafoni yanga, ndipo tinakabwereza kanayi titakhala pakhonde. Kaboti kakukwera ndi kutsika pambali pa sitima, mnyamata wa jekete lofiira watambasula mkono. Atate akuyandikira, akudikira funde lidutse, akugwira, akuyamba ndi mwendo wamanja, alowa. M'malo mokhala pansi akutembenuka. Kumbuyo kwawo kuli mayi wina wachizungu, wamkulu ngati iwo, amene wagwira chitsulo cha sitima ndi manja onse awiri ndipo sakufuna kuchisiya. Mawu sakumveka chifukwa cha mphepo, koma atate akuoneka akumenya pamkono pawo, pansi pa chigongono, kumuonetsa pogwira. Mayiyo akusiya chitsulo.

"Taona," anatero azakhali, akundibwezera foni. "Tamutumiza kukaona akamba, iye wakatsegula sukulu."