Ikadzuka Galimotoyi, Ndichoka

Pamudzi wina kuseri kwa Ludzi pankakhala a Jonasi, makaniko wakale wa mathirakitala, amene anakalambira pachikamwini. Achinyamata ankayesa kuti mkuluyu ndi mbadwa ya pomwepo, poti mjigo ukafa ankadzutsa ndi iwo, ngolo ikathyoka ankawotcherera ndi iwo, ndipo pamaliro sankasowa. Koma akuluakulu sanaiwale kuti malo amene panali nyumba yawo anali a akazi awo, a Consolata, ndipo munda umene ankalima unali wa kuchikazi.

Chimene ankatchuka nacho a Jonasi chinali galimoto ya m'chigafa. Inali MG, galimoto yachingelezi ya anthu awiri basi, yofupika moti munthu ukakhalamo umangokhala ngati wakhala pansi. Mwini wake woyamba anali mzungu woyang'anira esiteti ya fodya cha ku Mkanda, kumene a Jonasi anabadwira ndi kuphunzirira sipanala. Mzunguyo anaigwetsera m'ngalande tsiku lina atamwa, n'kuitaya kuseri kwa ofesi, ndipo pochoka m'dziko muno anauza a Jonasi kuti aitenge ngati akuifuna. Anaitengadi. Inafika pamudzi pangolo ya ng'ombe, ilibe injini, denga litang'ambika, nkhuku zitaikiramo kale mazira.

Mu ofesi ya pa esiteti ija munali chithunzi cha magalimoto otere ali pampikisano kwawo ku Mangalande. Anali obiriwira, opanda denga, ali ndi kagalasi kakang'ono patsogolo pa dalaivala, nambala pachitseko mkati mwa bwalo loyera, ndi malamba achikopa omangira boneti. A Jonasi anachiyang'ana chithunzicho mpaka chinawalowa m'mutu, ndipo anatsimikiza mtima kuti yawo idzaoneka chimodzimodzi.

Ntchitoyo inayenda paliwiro la bilimankhwe. Injini anaizula m'kapikapu kakale kamene kanafera pa Kamwendo. Madalaivala a mathiraki odikira kuboda ankawabweretsera tizitsulo kuchokera ku Lusaka, ena mwachifundo, ena kungofuna kudzaona misalayo ndi maso awo. Masipoko a m'mawilo anawakunga imodziimodzi monga achitira okonza njinga. Kagalasi anakacheka pawindo la basi yakufa, malamba anadula pachikopa cha ng'ombe. Anthu ankawaseka kuti galimoto yanji yosanyamula ngakhale thumba limodzi la chimanga, yosatengera wodwala kuchipatala. Iwo ankangoti chilichonse chili ndi ntchito yake, n'kuweramanso m'boneti.

A Consolata ankaitchula galimotoyo kuti mkazi mnzawo, koma nsanje yake inali ya pakamwa chabe. Masana ankabwera ndi lichero la mtedza, n'kukhala pampando wakumanzere kumaswa, makoko akugwera m'galimoto momwemo, amuna awo akudandaula. Ankati tsiku idzayende adzawaperekeze ku Misa ku Ludzi, amayi a m'kwaya adzaone mmene atsikira anthu okwatiwa bwino. Ana analibe. Nkhani imeneyo anailira kalekale n'kuisiya m'manja mwa Mulungu.

Chaka china mvula itangoyamba, a Consolata anadwala pang'ono n'kumwalira. Maliro atatha ndi miyezi yolira itakwana, abale anakhala pansi kuti asudzule a Jonasi. Woyankhula anali a Aleck, mlongo wa malemu, amene anali mwini mbumba. Anali munthu wofatsa, ndipo alamu awowa ankawakonda, koma anali pampanipani. Ana aakazi a a Stelia, mng'ono wa malemu, anali atakula, ndipo amuna awo ankafuna pomanga ndi polima. A Aleck anathokoza a Jonasi chifukwa chosamala mlongo wawo mpaka mapeto, nawauza kuti tsopano ndi omasuka kubwerera kwawo.

Kwawo kuti? Makolo a a Jonasi anali matenanti ochokera kutali kummwera, ndipo anafera pa esiteti pomwepo osawaonetsa mwana wawo njira ya kumudzi. Esitetiyo inagulitsidwa, komboni anaigumula, ndipo pamene panali nyumba yawo pano pamera soya. Koma mwamuna wamkulu kunena pagulu kuti alibe kwawo n'zamanyazi, choncho zaka zonsezi a Jonasi ankangoti kwathu ku Mkanda, anthu n'kumaganiza kuti kuli abale.

"Ndamva, alamu," anatero a Jonasi. "Koma galimoto ija siingakwerenso ngolo kachiwiri. Ikadzuka, ndichoka nayo."

Anthu anaseka, ndipo a Aleck anavomera msangamsanga, mtima utatsika, poti aliyense ankadziwa kuti chitsulo chimenecho sichidzadzuka. Anapatsa akamwini atsopano theka la munda, nyumba ndi chigafa zikhalabe kwa mkuluyo mpaka tsiku limenelo.

Kuyambira pamenepo a Jonasi anakhala munthu wokonza galimoto imene sankafuna kuti ithe. Ankadzuka m'mawa, kusesa pakhomo okha, kuwiritsa tiyi wa kapu imodzi, n'kulowa m'chigafa. Anapaka penti yobiriwira, itauma anaipala n'kupakanso. Bwalo loyera la pachitseko analijambula pogwiritsa ntchito chivundikiro cha ndowa, kenako anati lapendekeka, n'kuyambiranso. Mpando wakumanzere anauchotsa, n'kutseka pamalopo ndi lata monga zinalili pachithunzi chija. Anthu anati taonani kuumira, galimoto ya munthu mmodzi. Sanadziwe kuti mkuluyo ankalephera kugwira ntchito akamaona mpandowo uli wopanda munthu.

Pakhomo pawo panayamba kumera udzu m'njira. Amayi amene ankabwera kudzacheza ndi a Consolata tsopano ankapereka moni ali kumsewu. A Stelia okha ndi amene ankabweretsa kambale ka ndiwo mwa apo ndi apo, n'kuima pakhomo la chigafa osalowa. Akamwini achinyamata aja akafunsa kuti zikuyenda bwanji, a Jonasi ankati akudikira kachitsulo kena kuchokera ku Lusaka. Kachitsuloko kanadikiridwa mpaka dzinja linabwera n'kupita kangapo.

Kunena zoona, galimotoyo inali itatha kalekale. Chimene chinatsala chinali kuthira petulo, kulumikiza batire ndi kudina batani lolizira injini. A Jonasi ankadziwa zimenezi, ndipo zinkawadya mumtima. Ankamva achinyamata akuitchula kuti bokosi lamaliro lobiriwira, ndipo zinkawawawa kuti anthu awatenge ngati wolephera pa ntchito imene anaidziwa asanamere ndevu. Komabe chimene chinkawavuta kwambiri sichinali chitonzo. Pakhomo panali zii, tsiku lonse osamva mawu a munthu, ndipo m'chigafamo munali chinthu chimene anachipanga ndi manja awo chimene chikanatha kuyankhula. Ankalakalaka kungoimva kamodzi kokha.

Mpata unapezeka Lamulungu lina pamene wansembe wa ku Ludzi anabwera kudzachita Misa m'katchalitchi ka kutsidya kwa dambo. Zoterezi sizichitika kawirikawiri, choncho mudzi wonse unakhamukira kumeneko. A Jonasi anati msana wawagwira. Monga Mkatolika wakale, Misa ankaidziwa kuyambira koyamba mpaka kumapeto, ndipo anawerengera bwino kuti ikafika nyimbo ya Ulemu, ng'oma ndi nthungululu zimaphimba chilichonse. Nzeru yawo inali yoti ailize nthawi imeneyo, aimve pang'ono, n'kuizimitsa nyimbo isanathe. Petulo anali atagula kale wa m'botolo kumsewu, batire anachotsa ya sola ya m'nyumba.

Ng'oma zitayamba kutsidya, anadina. Injini inatembenuka, kutsokomola, n'kukhala chete. Anadinanso, koma ayi ndithu. Apa m'pamene munthu wanzeru akanapukuta m'manja n'kunena kuti Mulungu wakana. Koma makaniko ndi makaniko, injini ikamukanira amaiwala ndi dzina lake lomwe. A Jonasi anamasula malamba, kutsegula boneti, kuyamwa paipi ya petulo mpaka petuloyo anawafika m'kamwa, kulavula, kuchotsa mapulagi n'kuwapala, kugogoda kabureta ndi chigwiriro cha sikuludiraiva. Kutsidya nyimbo ya Ulemu inatha, mawerengo anatha, ulaliki unatha, chopereka chinadutsa, iwo osamva kanthu. Atakhutira anakhala pampando, kuponda pang'ono, n'kudina.

Inadzuka pa nthawi imene wansembe anali atakweza Ukaristia, anthu onse atagwada, m'tchalitchi muli chete moti ukanamva ntchentche. Galimoto ya mpikisano ilibe chochepetsera phokoso, ili ndi kapaipi kafupi kotulukira m'mbali basi. Kubangula kwake kunawoloka dambo, akhwangwala anabalalika m'mitengo, ndipo m'tchalitchimo mitu yonse inatembenukira kuwindo.

A Jonasi anazindikira nthawi yomweyo kuti kutsidya kulibe ng'oma. Dzanja linapita pakiyi, koma silinapotoze. Madzi akatayika sawoleka, ndipo injiniyo inkalira bwino kuposa mmene ankaganizira zaka zonse zija. Chiwongolero chinkanjenjemera m'manja mwawo, fumbi la fodya wakale likugwa kuchokera kudenga la chigafa. Anakhala momwemo akuseka okha, misozi ikutsika, mpaka petulo wa m'botolo anatha.

Misa itatha mudzi wonse unabwera. Chimwalirire a Consolata pakhomo paja panali pasanadzazepo anthu chotere. Amayi analuluta, madoda anazungulira galimoto akugwedeza mitu, ndipo amene ankaitchula bokosi lamaliro anajambulitsa pafoni atatsamira boneti. A Aleck anawagwira chanza alamu awo kwa nthawi yaitali maso ali pansi. Palibe anatchula za lonjezo lija, koma a Jonasi anaona mmodzi wa akamwini aja akuyang'ana malata a nyumba ndi kukula kwa bwalo.

Patapita masiku a Aleck anabwera okha. Anakhala pakhonde, kukamba za mvula, za mtengo wa fetereza, za mwendo wawo umene unkatupa. Nkhani zitatha anangokhala akutembenuza chipewa m'manja. A Jonasi anawamvera chisoni, choncho anaiyamba okha nkhaniyo.

"Lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane, alamu. Ndinyamuka Loweruka."

"Sitikukuthamangitsanitu," anatero a Aleck.

A Jonasi anadikira mawu otsatira, oti khalani, koma sanabwere. A Aleck anavala chipewa chawo n'kutsazika.

Makina owotcherera anasiyira mudzi, mipando ndi mapoto anapatsa a Stelia. M'galimoto munalowa chikwama cha zovala, bulangete ndi bokosi la masipanala, china chilichonse chinakana kulowa. Ankafuna kukatsazika akazi awo, koma kumanda sapitako wamba, ndipo kupempha kuti awatsegulire njira kukanakhala kuvutitsa anthu. Anangoima m'mphepete mwa munda m'mawa wa Loweruka, chipewa chili m'manja, akuyang'ana mitengo ya kumandako.

Inali nyengo yopalira, choncho ambiri anatsazika pakhomo pomwepo n'kuthamangira kuminda. Amene anatsala kuti aperekeze mlendo anali a Stelia okha. Woperekeza amayenda limodzi ndi amene akumuperekezayo, ndipo a Stelia analibe pokhala m'galimotomo, choncho a Jonasi anaika giya yoyamba n'kumayenda paliwiro la mayi wokalamba wovala masilipasi. Galimoto yopangidwira mpikisano inakwawa chomwecho mtunda wonse wa kumsewu, ikudumphadumpha m'mabampu, injini ikutentha, nthunzi ikutuluka m'boneti. A Stelia anaika dzanja pachitseko ngati akuyendetsa ng'ombe. Ananena kuti akafika azidya mokwanira, asamangomwa tiyi, ndiponso kuti chifuwa chawo chija chimafuna juzi. A Jonasi ankangovomera.

Anafika pamsewu wa tala dzuwa litakwera. Mbali ina msewuwo umapita kuboma ndi kuboda, mbali ina ku Lilongwe. A Jonasi anaimika galimoto m'mphepete, injini ikulirabe. A Stelia anachotsa dzanja pachitseko, kukonza chitenje chawo, n'kugwada pang'ono.

"Muyende bwino, alamu. Mukapereke moni kunyumba."

"Akamva," anayankha a Jonasi.

Anayembekeza kuti mayiyo atembenuke kaye, kuti asaone munthu wamkulu akusowa kolowera. Koma a Stelia analeredwa bwino, sakanapatsa mlendo nkhongo asananyamuke, choncho anaima pomwepo manja ali kumbuyo. A Jonasi anakonza kagalasi, kupukuta chiwongolero, kuyang'ana kumanja, kuyang'ana kumanzere, kuyang'ananso kumanja. Msewu unali mbee mbali zonse.

Kenako kunatulukira thiraki yaikulu yonyamula matumba, ikulowera chakuboda. Itadutsa, a Jonasi anakweza dzanja kwa a Stelia n'kuilowa m'mbuyo, poti iyo inkadziwa kumene ikupita.