Khoma langa lasiya kukodza

"Mayi, khoma ili lizikodza. Tsiku limene lidzasiye kukodza, musadzagonenso m'nyumbamu." Anandiuza choncho mmisiri amene anatimangira khoma lamiyala lotchinga dothi kumunsi kwa nyumba yathu ku Ndirande, kumtunda kwenikweni kumene maminibasi safika. Ndinkayesa akutukwana. Koma anandionetsa timapaipi tisanu timene anasiya m'khomamo, kuti madzi amvula akalowa m'dothi azitulukira m'menemo, dothi lisalemere n'kukankha khoma.

Zaka zonsezi mvula ikagwa ndinkatsika ndi ambulera kukationa. Timapaipi tonse tikamadontha, mtima unkakhala pansi.

Chaka chatha bambo wina anagula puloti yakumunsiko. Anakumba mpaka patsinde pa khoma langa, n'kumanga zipinda za lendi. Timapaipi tija anatimata simenti, ati madzi akunyowetsa anthu ake.

Ndinatsika. "Achimwene, tsegulani mabowowo."

"Agogo, uinjiniyawu munauphunzira ku sukulu ya kwacha?"

"Ndinauphunzira kwa phiri lomwe mukulidula miyendoli."

Anaseka, a lendi ake n'kumuthandiza.

Ndinakadandaula ku ofesi m'tauni. Patapita miyezi iwiri kunabwera anthu awiri ovala zipewa zolimba. Anayeza kutsetsereka kwa malo, anatapa dothi m'timajumbo, wina akulifinya m'manja ngati akusankha ufa pamsika. Anati dothi lathuli likakhuta madzi limasanduka phala, ndiye pakufunika ngalande kumtunda, udzu wa vetiva woligwira, ndiponso mabowo atsegulidwe. Za mabowozo ndinali nditawauza kale ine pachipata, koma anazilemba m'buku ngati azitulukira okha. Anati abweranso ndi kalata yolamula bamboyo. Mpaka lero. Pochoka anadzera kwa bambo wakumunsi uja, ndipo ndinaona kuti anachedwako.

Vetiva ndinadzala ndekha. Ngalande ndakumba theka, msana wakana. Mwana wanga wamkazi akuti ndisamukire kwawo ku Kameza, koma mwamuna wake wandifunsa kawiri konse kumene ndimasunga mapepala a puloti. Ndikangochoka pano, pobwera ndidzapeza mwini wina akundilonjera.

Panopa pakhonde pang'ambika. Mwezi watha mumng'alumo munkangolowa mpeni, lero mukulowa chala changa chachikulu. Chitseko chakukhitchini chayamba kukana kutsekeka, chonsecho palibe wachikhudza. Dzulo ndapita ndi msomali kuti ndiboole ndekha simenti ija, bamboyo n'kundimasulira galu.

Ndiye inu amene mukuwerenga izi, mvula ikagwa masiku awiri osakata, kwerani mudzandione. Nyumba yake ndi ya chitseko chobiriwira, kumtunda kwa mjigo. Musafunse akumunsiwo, adzakuuzani kuti ndili bwinobwino. Mugogode, munene kuti ndinu ndani, mudikire. Ine sinditsegula msanga. Ndikapanda kuyankha, muzungulire kuseri mukaone ngati khoma lija likadalipo.