Ng'ona ya Diso Limodzi

Ndinaphunzira kulemba ndili ndi imvi kale, kusukulu ya kwacha, ndipo dzanja linkandiyabwa kufuna posayina. Ndiye mphwanga anabwera kuchokera ku Blantyre ndi mapepala a kakampani kofuna kupanga mafuta a injini za maboti kuchokera ku namasupuni. Ankagulitsa masheya. Poona mmene namasupuni wadzadzira mu Shire, ndinadziona ndalemera kale.

Ndinatenga Mawanga, mbuzi ya akazi anga, mayi a Fulanki, n'kukaigulitsa ku Bangula. Pogula masheyawo ndinasayina katatu, ngakhale pamene sanandiuze. Kunyumba ndinati mbuziyo yagwidwa ndi ng'ona padooko, ndipo pothira mchere ndinati ng'onayo inali ya diso limodzi.

Mayi a Fulanki sanalire. Anangofunsa kuti, "Nanga chingwe, bambo? Yameza ndi chingwe chomwe?"

"Inali ndi njala," ndinatero.

Mafutawo sanatulukebe, ndipo zoona sindinaululebe. Pepalalo ndinalibisa m'Baibulo, kuiwala kuti kusukulu kuja ankandiposa kuwerenga ndi mayi a Fulanki omwewo. Masiku ano boti la injini likamadutsa pa Chiromo, amasiya kupeta n'kutchera khutu.

"Tamverani, bambo. Mawanga uyo akulira."