Mzere wa Choko pa Khoma

Kampani ya mabasi imene ndinkagwirako ntchito yowotcherera itatsekedwa, m'zaka zimene boma linkagulitsa makampani, ndinayamba kugula zitsulo zakutha kuseri kwa msika wa Kabwata. Mkazi wanga anali atamwalira chaka chomwecho. Malondawo ndinkachita ndi mlamu wanga, mlongo wake wa malemuyo.

Fakitale yosungunula zitsulo inkalipira potengera kulemera. Tisanaone phindu, tinkayenera kubweza ndalama ya lole yobwereka, ya gasi wodulira, lendi ya bwalo, ndi imene tapatsa otibweretsera zitsulo. Lole imadya ndalama yofanana, kaya yadzaza kaya ayi. Choncho mlamu anajambula mzere wa choko pa khoma limene tinkaunjikapo katundu. Mulu ukakhala pansi pa mzerewo, ndiye kuti tikugwirira ntchito mwini lole. Ukaupitirira, zotsalazo nzathu.

Sabata ina ya Okutobala lole tinali titailipira kale kuti ibwere Lachisanu, koma mulu unatsala pang'ono kufika pa mzere. Tinazungulira Chelstone kufunsa mastovu akufa ndi mabedi othyoka, osapeza kanthu. Tikanaluza ulendo umenewo, lendi ya bwalo ikanatikanika.

Lachinayi masana kunafika munthu wosadziwika akukankha wilibala.

"Shani ba tate, mugula?" anatilonjera motero.

"Ika pa sikelo," anatero mlamu.

Zinali ndodo zachitsulo zodulidwa, zopakidwa utoto wabuluu. Dzuwa la mwezi umenewo limatenthetsa chitsulo moti tinkanyamula ndi masaka. Ndinaiwala saka, ndinagwira imodzi ndi dzanja. Inali yozizira ngati madzi a pampopi m'mawa wa Juni.

Ndinaitembenuza. Wowotcherera aliyense amadziwa msoko wake. Uwu unali wanga. Mpanda wa pamanda a mkazi wanga ndinauwotcherera ndekha kuchokera ku mapaipi a mipando ya basi, nsonga zake ndikuzipinda ngati timitanda, ndipo ndinaupaka utoto womwewu.

"Mwazitenga kuti?" ndinamufunsa.

"Ni geti ya ku Woodlands. Ba bosi banachosa." Ankayang'ana sikelo, osati ine.

"Ba mulamu, izi zatifikisa pa laini," anandinong'oneza mlamu. "Musayambe ulaliki, lelo si Sondo."

"Gwirani."

Anagwira, nabweza dzanja msanga, n'kulipukuta pa buluku. "Zenze mu mthunzi," anatero, kunena kuti zazizira chifukwa zinali pa mthunzi. Tonse tinali titaiona wilibalayo ikutsika msewu padzuwa.

Munthuyo sindinamunene kanthu, chifukwa sindinamuone akudula. Ndinamulipira, nachoka. Koma ndodozo ndinakana kuziponya pa mulu. Lachisanu lole inapita yosadzaza, tinaluza, ndipo lendi ndinailipira nditagulitsa wailesi ya m'nyumba. Mlamu anakhala osandilankhula.

Loweruka ndinakwera minibasi kupita kumanda, ndikupemphera chamumtima kuti Mulungu andipatse mphamvu yoona chimene ndikapeze. Ndinadutsa manda angapo amene mipanda yake inadulidwadi, tizitsa tachitsulo tokha titatsala m'simenti. Nditafika pa manda a mkazi wanga, mpanda unali chiimire. Ndinauzungulira ndikugwira ndodo iliyonse. Panalibe yosowa, ndipo zonse zinkatentha.

Mpanda wotero ndinapanga umodzi wokha moyo wanga wonse.

Nditamuuza mlamu, anati, "Kapena munaphunzisa wina pa kampani." Mwina ndi zoona. Sindikumbuka. Pambuyo pake mulu unkaperewera kawirikawiri, koma sanapemphepo kuti tiwonjezere ndodo zija.

Zili kuseri kwa nyumba yanga mpaka lero. Mvula yazigwera zaka zambiri, dzimbiri silinazigwire. Tsiku lina ndinaziyala pansi mondondozana kuti ndione kukula kwa geti imene munthu wa wilibala uja ankanena. Sizinapange geti. Zinakwana bwinobwino kuzungulira manda amodzi. Malo oyandikana ndi a mkazi wanga ndinalipira kale pa nthawi ya maliro ake, ndipo alibe mpanda.